Charlie Chaplin: Wokonza Mafilimu Amene Ankaganiza Ngati Woimba

Charles Spencer Chaplin adabadwira mumzinda wa London ku England pa 16 Epulo 1889, ndipo adamwalira ku Switzerland pa 25 Disembala 1977 ali ndi zaka 88. Anthu ambiri akamva dzina lake amaona kamunthu ka tindevu tapamlomo, kovala chipewa chozungulira, jekete yothina, buluku lalikulu ndi nsapato zoposa phazi, kakuyenda motagaza ndi kandodo m'manja. Ameneyo ndi Chaplin wa kutsogolo kwa kamera. Kuseri kwa kamera kunali munthu wosanyengerera pa ntchito. Nkhani za mafilimu ake ankalemba yekha, ochita sewero ankawatsogolera yekha, ndalama zinkachoka m'thumba mwake, ndipo kuyambira mu 1931 ankapekanso nyimbo za mafilimu ake onse.

Mbali ya nyimboyi ndi imene imaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndi imene imathandiza kumvetsa ntchito yake yonse. Filimu ya Chaplin imaseketsa chifukwa cha zimene maso akuona, koma imagwira mtima chifukwa cha zimene khutu likumva. Mmphawi akuterereka, akuthamangitsidwa ndi wapolisi, akudya nsapato chifukwa cha njala, koma nyimbo siimuseka ayi. Imamulemekeza.

Ubwana wake ku London

Makolo ake, Charles Chaplin wamkulu ndi Hannah, onse anali oimba m'maholo a zisangalalo momwe anthu wamba a ku England ankasonkhana madzulo kukamvera nyimbo ndi kuonera nthabwala. Banjali lidatha Charlie akadali wakhanda. Bambo ake adalowerera ndi mowa ndipo adamwalira mu 1901 asanakwanitse zaka 40. Mayi ake adatsala ndi ana awiri, Sydney ndi mng'ono wakeyu, ndipo mawu awo oimbira atayamba kutha, adayesa kudyetsa anawo ndi ntchito yosoka. Chaplin adadzalemba kuti tsiku loyamba kuimba pamaso pa anthu anali ndi zaka zisanu, m'tauni ya Aldershot, pamene mawu a mayi ake adazima nyimbo ili mkati ndipo iye adakankhidwira pa siteji kuti akatonthoze anthu amene ankakuwiza.

Mu 1896, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, umphawi udalowetsa banjali m'nyumba yosungira amphawi. Kumeneko mayi ankalekanitsidwa ndi ana ake, ndipo anyamatawo adatumizidwa ku sukulu ya ana osowa ku Hanwell. Mu 1898 Hannah adadwala misala ndipo adagonekedwa ku chipatala cha Cane Hill. Adatulukako, koma matendawo adabwereranso mu 1903, ndipo Charlie, mnyamata wa zaka 14, ndi amene adawaperekeza kuchipatala. Kuyambira mu 1905 sadachirenso.

Zaka zimenezi ndi zimene zidadzakhala nkhokwe ya mafilimu ake. Chipinda chapadenga chodontha, wapolisi wapakona, mwana wolandidwa kwa womulera, njala imene imachititsa munthu kuona mnzake ngati nkhuku, zonsezi sadachite kuziwerenga m'mabuku. Adaphunziranso chinthu china kwa mayi ake: kuti munthu angasowe chakudya koma n'kusungabe ulemu wake m'kayendedwe ndi m'kavalidwe. Hannah ankakhala pawindo n'kumatengera anthu odutsa mumsewu kuti asangalatse ana ake, ndipo Chaplin ankati luso lolankhula ndi thupi adalitenga pamenepo.

Sukulu yake inali siteji

Maphunziro a m'kalasi adawasiya ali ndi zaka pafupifupi 13. Asanatero anali atalowa kale m'gulu la ana ovina lotchedwa Eight Lancashire Lads, limene adayenda nalo m'mizinda ya ku England mu 1899 ndi 1900. Kuyambira mu 1903 adasewera ngati kamnyamata kantchito kotchedwa Billy m'sewero la Sherlock Holmes. Mu 1908 mkulu wake Sydney adamupezera malo m'gulu la nthabwala la Fred Karno, limene linali lotchuka kwambiri pa nthawiyo.

Kwa Karno adaphunzirako zinthu ziwiri. Choyamba ndi kusunga nthawi: kugwa kumaseketsa pokhapokha kukachitika pa kamphindi kake, osafulumira, osachedwa. Chachiwiri ndi mphamvu ya kusemphanitsa. Karno ankatha kuika nyimbo yofatsa ndi yaulemu pansi pa sewero la anthu omenyana ndi kugubuduzika, ndipo kusiyana kwa ziwirizo ndi kumene kunkakometsa nthabwala. M'zaka zomwezo Chaplin ankadziphunzitsa vayolini ndi cello, maola anayi kapena kuposa pa tsiku. Popeza anali wamanzere, zingwe za vayolini yake adazimanga mozondotsa. Ankalakalaka atakhala woimba wa m'magulu akuluakulu, koma adazindikira kuti sadzafikapo. Kuwerenga ndi kulemba manotsi a nyimbo sadaphunzire mpaka imfa yake.

Gulu la Karno lidapita naye ku America mu 1910, ndipo mmodzi mwa anzake pa ulendowo anali Stan Laurel, amenenso adadzatchuka m'mafilimu a nthabwala. Pa ulendo wachiwiri, kampani ya Keystone ya Mack Sennett idamuona akusewera ngati chidakwa, ndipo mu 1913 idamulemba ntchito pa malipiro a madola 150 pa sabata.

Kubadwa kwa Tramp ndi kudziimira payekha

Filimu yake yoyamba, Making a Living, idatuluka mu Febuluwale 1914. Patangopita masiku ochepa, mu Kid Auto Races at Venice, anthu adaona koyamba munthu wa chipewa ndi kandodo uja, amene adadzatchedwa Tramp. Iyeyu ndi woyendayenda wopanda kwawo, wopanda ntchito yokhazikika, koma wodzisunga ngati bwana. Amasasa fumbi pa jekete yong'ambika, amavulira chipewa ngakhale chinthu chimene chamupunthwitsa, ndipo akagwa amadzuka n'kukonza tayi.

M'chaka chimodzi chokhacho adasewera m'mafilimu afupiafupi oposa 30, ndipo pasanathe miyezi yambiri anali atayamba kuwatsogolera yekha. Mtengo wake udakwera mofulumira. Kampani ya Essanay idamupatsa madola 1,250 pa sabata mu 1915. Ya Mutual idamupatsa madola 670,000 pa chaka mu 1916, ndipo kumeneko ndi kumene adakonza Easy Street ndi The Immigrant. Ya First National idagwirizana naye madola 1 miliyoni pa mafilimu asanu ndi atatu. Mu 1918 adatsegula situdiyo yakeyake pa msewu wa La Brea ku Hollywood, ndipo mu 1919 adakhazikitsa kampani ya United Artists pamodzi ndi Mary Pickford, Douglas Fairbanks ndi D. W. Griffith, kuti okonza mafilimu azigulitsa okha ntchito zawo.

Chimene ankafuna pa kukwera konseku sichinali chuma chokha. Ankagula ufulu wogwira ntchito mosathamangitsidwa. Nthawi zambiri ankayamba kujambula alibe nkhani yolembedwa, ali ndi ganizo chabe. Ankayesa, kujambula, kutaya, kuyambiranso, ndipo nzeru zikamuthera ankatha kuimitsa ntchito masiku ambiri antchito akulipidwabe. Palibe kampani imene ikadalola zimenezi ndalama zikadakhala zake.

Ufuluwu udabala The Kid mu 1921, nkhani ya Tramp amene watola khanda lotayidwa n'kulilera. Adayamba kuikonza patangopita masabata ochepa mwana wake woyamba atamwalira ali ndi masiku atatu. Pamene akuluakulu a boma abwera kudzalanda mwanayo, amene adaseweredwa ndi Jackie Coogan, n'kumuponya m'galimoto akulira, woonera amaona zimene zidachitikira Chaplin mwiniwake ali mwana. Ambiri pa nthawiyo ankakayika ngati nthabwala ndi misozi zingakhalire limodzi m'filimu yaitali. The Kid idaonetsa kuti zingatheke. Padatsatira The Gold Rush mu 1925, momwe anthu awiri otsekeredwa ndi chipale chofewa amaphika nsapato n'kuidya, ndi The Circus mu 1928.

Mawu atalowa m'mafilimu

Mafilimu a nthawi imeneyo ankatchedwa opanda mawu, koma sankaonetsedwa mwakachetechete. Holo iliyonse inali ndi woimba piyano kapena gulu la oimba, ndipo nyimbo zinkadalira luso ndi kukonda kwa oimbawo. Wokonza filimu analibe ulamuliro pa zimene anthu ankamva.

Mu 1927 filimu ya The Jazz Singer idatsegula nyengo ya mafilimu olankhula, ndipo pasanathe zaka zitatu Hollywood yonse inali itatembenuka. Chaplin adakana. Ankadziwa kuti Tramp amamveka ku Japan, ku India ndi ku France chifukwa salankhula chilankhulo cha fuko lililonse, ndipo akangotsegula pakamwa adzasanduka Mngerezi kapena Mmereka. Komabe luso latsopanoli lidamupatsa chinthu chimene ankachisowa: nyimbo tsopano inkajambulidwa pa filimu pomwepo, moti imene wasankha iye ndi imene idzamveke kulikonse. Adakana zolankhula, natenga nyimbo.

City Lights, imene idatuluka mu Januwale 1931, ndi filimu yoyamba imene adaipekera nyimbo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Imayamba ndi akuluakulu a mzinda akulankhula pa mwambo, koma m'malo mwa mawu mukutuluka phokoso lopanda tanthauzo. Nkhani yake ndi ya mtsikana wosaona wogulitsa maluwa amene akuganiza kuti Tramp ndi munthu wolemera. Chaplin adavutika miyezi yambiri kufuna njira yoonetsera mmene mtsikanayo adasokonezekera, ndipo chigawo cha kukumana kwawo adachijambula maulendo 342. Yankho lidapezeka m'khutu: mtsikanayo amamva chitseko cha galimoto yapamwamba chikutsekedwa, n'kuganiza kuti amene wamugula duwa ndi mwini galimotoyo. Pa tsiku loyamba kuionetsa ku Los Angeles, mlendo wake anali Albert Einstein.

Mmene ankapekera nyimbo

Munthu wosadziwa manotsi angapeke bwanji nyimbo za gulu lalikulu la oimba? Chaplin ankang'ung'udza, kuimba, kapena kudinda piyano ndi zala zochepa, pamene katswiri wophunzira ankakhala pambali n'kumalemba. Kenaka awiriwo ankaonera chigawo cha filimu mobwerezabwereza, kuyesa nyimboyo, kuidula, kuitalikitsa, kukangana za chipangizo choyenera kuinyamula. Pa City Lights adagwira ndi Arthur Johnston ndi Alfred Newman, pa Modern Times ndi David Raksin, pa The Great Dictator ndi Meredith Willson, ndipo m'ukalamba wake ndi Eric James.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo ndi chilungamo kunena kuti popanda anthu amenewa nyimbo za Chaplin zikadathera m'kamwa mwake. Kugwira naye ntchito sikunali kophweka. Raksin, amene anali ndi zaka 23, adachotsedwa ntchito patangotha masiku ochepa chifukwa chomutsutsa, kenaka adaitanidwanso. Newman adanyanyala pa nthawi yojambula nyimbo za Modern Times atakangana naye. Padalinso mlandu: nyimbo ya mtsikana wa maluwa mu City Lights inali La Violetera ya José Padilla wa ku Spain, amene adamusumira chifukwa chosatchulidwa dzina ndipo adapambana. Ngakhale zili choncho, Raksin yemweyo adachitira umboni kuti Chaplin sankangopereka kanyimbo n'kuchoka, koma ankakhalapo pa chiganizo chilichonse.

Mkangano wake waukulu ndi akatswiriwa unali pa funso limodzi. Iwo ankafuna kuti nyimbo iziseketsa pamodzi ndi chithunzi, munthu akagwa ng'oma ilire. Iye ankakana. Ankafuna nyimbo yokongola, yachikondi, yaulemu, yoti isapikisane ndi nthabwala koma iime mbali inayo. Apa ndi pamene pagona nzeru yake. Chithunzi chimaonetsa mmene dziko limamuonera mmphawi, wonyozeka ndi woseketsa. Nyimbo imaulula mmene mmphawiyo alili mkati mwake, munthu wa maloto ndi chikondi ngati wina aliyense. Woonera amalandira ziwirizi nthawi imodzi, n'chifukwa chake amaseka koma osanyoza.

Modern Times ya mu 1936 idafika pachimake pa njira imeneyi. Idakonzedwa pa nthawi imene chuma cha dziko lonse chidagwa ndipo anthu mamiliyoni adachotsedwa ntchito. Tramp ndi wantchito wa m'fakitale amene akumanga mabawuti pa lamba wothamanga mpaka mutu kusokonezeka. Mawu a anthu amamveka kudzera m'makina basi. Chakumapeto Tramp amaimba, ndipo aka kanali koyamba kuti dziko limve mawu ake, koma nyimboyo ili m'chilankhulo chongopeka. Nyimbo yachikondi ya m'filimuyi idadzapatsidwa mawu mu 1954 ndi John Turner ndi Geoffrey Parsons, nitchedwa Smile, ndipo Nat King Cole adaitchukitsa.

Ndale, milandu ndi kuchoka ku America

Chaplin ndi Adolf Hitler adabadwa mwezi umodzi m'chaka chimodzi, mosiyana masiku anayi, ndipo anali ndi tindevu tofanana. Mu Sepitembala 1939, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itangoyamba, Chaplin adayamba kujambula The Great Dictator ndi ndalama zake, pa nthawi imene America inali isanalowe nkhondoyo ndipo ambiri ku Hollywood ankaopa kukhumudwitsa Germany. Adasewera anthu awiri: wolamulira wankhanza Adenoid Hynkel, ndi Myuda wometa anthu. Hynkel amavina ndi chibaluni cha dziko lapansi motsatira nyimbo ya Richard Wagner mpaka chimuphulikira m'manja, pamene wometayo amameta munthu motsatira nyimbo ya Johannes Brahms. Filimuyi idatuluka mu 1940 ndipo imatha ndi Chaplin akuyang'ana kamera, kulankhula kwa mphindi zingapo motsutsa nkhanza ndi udani. Pambuyo pake adanena kuti akadadziwa zoopsa zimene zinkachitika m'misasa ya chipani cha Nazi, sakadatha kupanga nthabwala pa nkhaniyo.

M'zaka za m'ma 1940 dzina lake lidada ku America, ndipo zifukwa zake zinali zamitundu iwiri. Zina zinali zochokera kwa iye mwini. Adakwatira Mildred Harris mu 1918 ndi Lita Grey mu 1924, onse ali ndi zaka 16, ndipo maukwati onsewo adatha moipa. Luso lake silifafaniza zimenezi, ndipo mbiri yoona iyenera kuzitchula. Joan Barry adamusumira kuti ndi bambo wa mwana wake. Kuyeza magazi kudaonetsa kuti sanali iye, komabe khoti lidagamula mu 1945 kuti azipereka chithandizo. Zifukwa zina zinali zandale. Sadatenge unzika wa America, adalankhula poyera zothandiza Soviet Union pa nkhondo, ndipo bungwe la FBI pansi pa J. Edgar Hoover linkamulonda pomuganizira kuti ndi wachikomyunizimu, zimene iye ankakana. Filimu yake ya Monsieur Verdoux ya mu 1947, imene imayerekeza wakupha mmodzi ndi maiko ochita malonda a nkhondo, idalandiridwa mwaukali.

Kenaka adabwerera ku chiyambi chake. Limelight ya mu 1952 ndi nkhani ya Calvero, wanthabwala wokalamba wa ku London wa mu 1914 amene anthu asiya kumuseka, ndi mtsikana wovina amene iye wamupulumutsa. M'filimuyi amaonekera limodzi ndi Buster Keaton, katswiri mnzake wa mafilimu opanda mawu, wina pa vayolini wina pa piyano. Mu Sepitembala 1952 adakwera sitima ya Queen Elizabeth ndi banja lake kupita ku London kukaionetsa. Ali pakati pa nyanja, James McGranery, mkulu woona za malamulo m'boma la America, adalanda chilolezo chake chobwererera. Chaplin adasankha kusapempha. Dziko limene adakhalamo zaka pafupifupi 40 adalisiya.

Zaka za ku Switzerland

Mu 1953 adakhazikika ku Manoir de Ban, m'mudzi wa Corsier-sur-Vevey pafupi ndi nyanja ya Geneva, pamodzi ndi mkazi wake wachinayi Oona O'Neill, amene adamukwatira mu 1943 iye ali ndi zaka 54, mkaziyo 18. Ukwati umenewu udakhala mpaka imfa ndipo adabereka ana asanu ndi atatu. Adakonzanso mafilimu awiri ku England, A King in New York mu 1957 ndi A Countess from Hong Kong mu 1967. Yomalizayi, momwe munali Marlon Brando ndi Sophia Loren, sidakondweretse anthu, koma nyimbo yake, This Is My Song, yoimbidwa ndi Petula Clark, idafika pa nambala 1 ku Britain. Mu 1964 adatulutsa buku la mbiri ya moyo wake.

Ntchito imene adaigwira mpaka mphamvu kutha inali yopekera nyimbo mafilimu ake akale. The Gold Rush anali ataiveka kale nyimbo mu 1942. The Circus adaipekera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo nyimbo yotsegulira adaimba yekha ali pafupi ndi zaka 80. The Kid idalandira nyimbo zake mu 1971, ndipo A Woman of Paris mu 1976, chaka chimodzi asanamwalire. Nkhalamba imene sinkathanso kugwa ndi kudzuka pamaso pa kamera inali kumalizitsa ntchito za unyamata wake, kuti mibadwo yobwera idzazimve monga mmene iye ankazimvera m'mutu mwake.

Mu 1972 adabwerera ku America patatha zaka 20 kukalandira mphotho yaulemu ya Oscar, ndipo anthu adaimirira kumuombera m'manja kwa mphindi 12. Chaka chotsatira adapatsidwa Oscar ya nyimbo za Limelight, pamodzi ndi Raymond Rasch ndi Larry Russell. Filimuyi idaloledwa kupikisana mochedwa chotero chifukwa idaonetsedwa koyamba ku Los Angeles mu 1972. Mu 1975 Mfumukazi Elizabeth II idamupatsa ulemu wotchedwa Sir. Adamwalira ali m'tulo pa tsiku la Khirisimasi mu 1977. Mu Malichi 1978 akuba adafukula bokosi lake pofuna dipo, koma lidapezeka patatha masabata 11 ndipo adaliikanso m'manda olimbitsidwa ndi simenti. Nyumba yake idasanduka malo osungirako mbiri yake mu 2016.

Chaplin sanali wopeka nyimbo wa msinkhu wa Wagner kapena Brahms, ndipo sanali munthu wopanda banga. Ukulu wake uli pa kugwirizanitsa thupi, chithunzi ndi nyimbo kuti zinene chinthu chimodzi, chakuti munthu wosauka ndi woyenera kuonedwa ndi kumvedwa. Pa mphotho zitatu za Oscar zimene adalandira, ziwiri zinali zaulemu, mu 1929 ndi mu 1972. Imodzi yokha ndi imene adaipeza popikisana ndi anzake, ndipo inali ya nyimbo.